Disiki ili ndi malo koma vidiyo ikukana kulowa: za malire a 4 GB ndi virtual disk

Alamu anga amajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya ku Nchalo. M'kashopu kawo muli makompyuta awiri, MacBook yakaunjika imene amakonzerapo mavidiyo ndi laputopu ya Windows ya mnyamata amene amawathandiza. Ntchito yonse amaisunga pa hadi disiki imodzi yosomekedwa kumbuyo kwa rauta (kabokosi kolumikiza makompyuta pa netiweki), pa kabowo ka USB, kuti makompyuta onse awiri aziifikira kudzera pa netiweki. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lija lakuno kuchigwa likuswa mtengo, anandiimbira foni mawu ali m'mwamba. "Alamu, tabwerani mudzaone malodza. Disiki ili ndi malo okwana 600 GB, koma vidiyo ya 9 GB ikukana kulowa. Kodi yafa?"

Disikiyo inali yamoyo bwinobwino. Chimene chinawatsekereza ndi lamulo lakale limene ambiri timayenda nalo m'thumba osalidziwa.

Fulashi, memori kadi kapena hadi disiki isanayambe kusunga kanthu imayamba yafomatidwa. Kufomata ndi kuyala kaundula, buku limene mumalembedwa dzina la fayilo iliyonse, pamene yagona, ndi kukula kwake. Akaundulawa alipo amitundumitundu, ndipo wofala kwambiri ndi FAT32, amene kampani ya Microsoft inatulutsa mu 1996. M'kaundula ameneyu, danga lolembapo kukula kwa fayilo ndi la ma bit 32 okha, ndipo nambala yaikulu imene ingakwane m'danga lotero ndi 4,294,967,295. Amenewo ndi ma byte, ndiye kuti 4 GB kuchotsapo byte imodzi. Fayilo ikaposa pamenepo, kaundula alibe polemba kukula kwake, choncho amaikana ngakhale disiki ikhale yopanda kanthu. Zili ngati sikelo ya wogula thonje ku Ngabu imene singano yake imathera pa makilogalamu 100. Nyumba yosungira ingakule bwanji, mtolo woposa pamenepo sikeloyo siingauwerenge.

Mu 1996 palibe amene ankadandaula, chifukwa hadi disiki yonse ya kompyuta ya panyumba nthawi zambiri sinkafika n'komwe 4 GB. Lero kamera yojambula pa ma megabit 24 pa sekondi imadzaza 4 GB m'mphindi pafupifupi 24. Ukwati wakuno, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha, ndi maola angati? Opanga makamera vutoli amalidziwa, n'chifukwa chake kamera yolemba pa kadi ya FAT32 imadula yokha vidiyo m'zidutswa isanafike pamalire. Ma DVD amene tinkaonera m'mavidiyo sho nawonso ankatero, filimu inkagawidwa m'zidutswa za 1 GB. Mavuto amayamba wojambula akalumikiza zidutswazo n'kutulutsa vidiyo imodzi yaitali yokapereka kwa eni ukwati.

Mwina mungafunse kuti FAT32 tikuisungiranji. Yankho ndi lakuti ndi chilankhulo chimene chipangizo chilichonse chimamva. TV, wailesi ya mu minibasi, masipika a m'tchalitchi, makamera akale, marauta otchipa, zonsezi zimawerenga FAT32 mosavuta. Alamu anga amazula disiki yomweyo n'kuisomeka pa TV poonetsa makasitomala ntchito zakale, ndipo rauta yawo yakale imalemba bwino pa FAT32 yokha. Kuifomata mwanjira ina kukanakonza chimodzi n'kuwononga ziwiri.

Komanso si malire onse amene amachokera ku disiki. Ena amakhala panjira imene fayilo ikudutsa. Gmail imalola kutumiza fayilo yosaposa 25 MB, WhatsApp imalola mpaka 2 GB. Windows ikamalumikizana ndi malo osungira a pa intaneti kudzera njira yotchedwa WebDAV, imabwera itatchera malire a 50 MB, ndipo ngakhale muwakweze sapitirira 4 GB. Ndiye musanayambe kufunafuna mankhwala, yambani mwadziwa pamene pali chotchinga: ndi kaundula wa disiki, ndi njira, kapena ndi lamulo limene mwini malo anaika dala? Ngati ndi ku ofesi ndipo woyang'anira makompyuta anaika malirewo ndi cholinga, pitani mukalankhule naye, musamuzembe.

Tsopano tifike pa chimene amachitcha virtual disk. Iyi ndi fayilo, kapena gulu la mafayilo, imene kompyuta imaitenga ngati disiki yeniyeni. Mukaitsegula imaonekera pambali pa madisiki ena, mutha kuifomata, kuikamo mafoda, kufufuta, zonse monga mumachitira ndi fulashi. Chinsinsi chake chagona apa: pamakhala akaundula awiri. Wakunja, wa disiki yeniyeni ija ya FAT32, amangoona zidutswa zingapo zosaposa malire ake ndipo sadziwa za m'kati mwake. Wam'kati, amene mwasankha nokha pofomata virtual disk, kaya NTFS, APFS kapena ext4, ndi amene amadziwa kuti muno muli vidiyo ya 9 GB, ndipo kwa iye kukula kumeneko si nkhani.

Amene anawolokapo pa Mtayamoyo kuchoka ku Bangula kupita ku East Bank andimva msanga. Munthu wafika padooko ndi matumba 60 a chimanga, ndipo bwato, kapena kuti mwadiya monga amanenera anzathu olankhula Chisena, limanyamula matumba khumi. Palibe amene amabwerera kwawo chifukwa cha zimenezo. Katundu amagawidwa m'mabwato asanu ndi limodzi, ndipo mwini wake amagwira kope m'manja, kulemba kuti matumba akutiakuti ali m'bwato lakutilakuti. Wopalasa aliyense amangodziwa matumba ake khumi. Amene akudziwa kuti zonsezi ndi katundu mmodzi ndi wa kope uja. Pulogalamu yoyendetsa virtual disk ndiye wa kopeyo. Tiyerekeze kuti zidutswa ndi za 8 MB chilichonse, ndipo kompyuta yapempha zimene zili pa malo a 100 MB kuchokera poyambira. Pulogalamuyo imawerengera kuti zidutswa 12 zimathera pa 96 MB, ndiye imapita pa chidutswa cha 13, n'kulowa m'kati mtunda wa 4 MB, n'kutenga chimene chafunidwa. Izi zimachitika kambirimbiri pa sekondi iliyonse, inu mukungoona vidiyo ikusewera.

Apa ndi pamene pali kusiyana ndi njira ija yodziwika yodula fayilo ndi 7-Zip kapena WinRAR. Njira imeneyonso imagawa fayilo m'zidutswa, koma kuti muonere vidiyoyo muyenera kuyamba mwazilumikizanso zonse pamalo ena okhala ndi danga lokwanira. Ndi yabwino posunga chinthu chimene mwathana nacho kapena potumiza kwa mnzanu. Pa virtual disk simulumikiza kanthu. Mumatsegula, kukonza, kusunga, zidutswa zili chigawikire.

Koma si virtual disk iliyonse imene imagawika, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi nditalakwitsa. Ndinayambira pa laputopu ya mnyamata uja, chifukwa Windows kuyambira pa Windows 7 ya 2009 imatha kupanga ndi kutsegula virtual disk ya mtundu wa VHD popanda pulogalamu yapadera, kudzera mu Disk Management. Ndinapanga VHD yokula pang'onopang'ono, ndinaiuza kuti ikhale ya 100 GB, ndipo inavomera, chifukwa poyamba fayilo yake imakhala yaing'ono kwambiri. Tinayamba kukopera vidiyo mitima ili m'malo. Itafika pa 4 GB zonse zinaima. VHD ndi fayilo imodzi, ndipo fayilo imodziyo inagunda khoma lomwe lija. Mtundu umenewu pawokha umatha kufika pafupifupi 2 TB, ndipo mng'ono wake VHDX, amene anabwera mu 2012 ndi Windows 8, amafika 64 TB, koma manambala amenewo alibe ntchito ngati pansi pake pali FAT32. Ndikubwereza dala chifukwa ndamva anthu angapo akulangizana kuti "ingopangani VHD basi". Bwato limodzi ndi limodzi, ngakhale mulipatse dzina lina.

Mitundu yogawika imene ndimaidziwa bwino ilipo iwiri. Woyamba ndi VMDK wa kampani ya VMware, amene mutha kumuuza kuti adzigawe m'zidutswa za 2 GB, ndipo anakonzedwa choncho ndendende chifukwa cha madisiki a malire ngati amenewa. VirtualBox, pulogalamu yaulere, imathanso kupanga VMDK wogawika. Vuto lake ndi lakuti Windows payokha siimutsegula, mumafunika kudzera mu kompyuta yongoyerekezera ya m'kati mwa pulogalamuzo, ndipo kwa munthu wongofuna kusunga mavidiyo imeneyo ndi njira yozungulira. Odziwa Linux zimawapepukira, chifukwa ndi mapulogalamu a qemu-img ndi qemu-nbd amatha kupanga ndi kutsegula disiki yotero mwachindunji.

Wachiwiri ndi sparse bundle wa Apple, amene anabwera mu 2007 ndi Mac OS X Leopard. Pa Mac amaoneka ngati fayilo imodzi, koma kwenikweni ndi foda yodzaza tizidutswa, timene poyamba tinkakhala ta 8 MB. Ndi njira imeneyi imene Time Machine, pulogalamu ya Apple yosunga makope a mafayilo, imagwiritsa ntchito posunga zinthu za Mac pa disiki ya pa netiweki. Sparse bundle amapangidwa mu pulogalamu ya pa Mac yotchedwa Disk Utility, ndipo zimenezi ndi zimene tinachita pa MacBook ya alamu. Vidiyo ya 9 GB inalowa, yogawidwa m'tizidutswa toposa 1,100, ndipo rauta sinadandaule chifukwa kwa iyo tinali timafayilo tating'ono wamba. Apanso pali malire ena obisika: foda imodzi ya FAT32 siisunga mafayilo oposa pafupifupi 65,000, choncho ndi tizidutswa ta 8 MB simungapitirire kwenikweni theka la terabyte pokhapokha mutakulitsa tizidutswato popanga.

Kugawikaku kuli ndi phindu lina limene ine ndimalikonda. Mukasintha pang'ono m'kati mwa disiki, ndi tizidutswa tochepa tokha timene timasintha. Ndiye pokopera ku disiki yachiwiri, kapena ku intaneti kumene bandulo imatha ngati madzi a m'dengu, mumangotumiza tosinthato, osati mtolo wonse.

Alamu anasangalala, ine ndinasangalala nawo, koma walira mvula walira matope. Zovuta za njirayi ndi zimene ndikufuna muzimvetse kuposa zonse, makamaka ife okhala kuchigwa kuno.

Choyamba ndi magetsi. Kompyuta siilemba chilichonse pa disiki nthawi yomweyo. Imasunga zina m'mutu kaye, n'kumazitsitsa pang'onopang'ono. Pa fayilo wamba, magetsi akathima pakati pa kukopera, nthawi zambiri imawonongeka ndi fayilo imodziyo, zina zonse zimatsala bwino. Pa virtual disk, chimene chingadukire pakati ndi kaundula wam'kati uja, kope lija lonena kuti thumba liti lili m'bwato liti. Kope likanyowa, matumba onse alipo koma palibe wodziwa mwini wake. Ndipo pa laputopu ngoziyi imakula, chifukwa laputopu ili ndi batire, imapitiriza kugwira ntchito pamene rauta ndi disiki zathima mwadzidzidzi. Akaundula amakono monga NTFS ndi ext4 ali ndi kabuku kapadera kolembamo zimene akufuna kuchita asanazichite, ndipo kamathandiza kukonza zinthu pambuyo pa ngozi, koma sikapulumutsa nthawi zonse. Ife za kuthima kwa magetsi sitichita kuuzidwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, konkuno ku Chikwawa, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo panatha chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere. Aliyense amene ankagwira ntchito ya pakompyuta nthawi imeneyo akukumbukira m'mene tinkagwirira, diso limodzi pa sikirini, lina pa babu.

Zinatichitikira patangotha masabata atatu. Magetsi anathima alamu akutsitsa vidiyo ya chinkhoswe, ndipo atabwera, virtual disk ija inakana kutseguka. M'kati munali ntchito za mabanja anayi. Tinakhala usiku wonse, thukuta lili kamukamu, mpaka First Aid ya mu Disk Utility inakonza kaundula. Zitatu zinabwerera zonse, ya chinkhoswe inawonongeka, ndipo chimene chinatipulumutsa n'chakuti alamu anali asanafufute memori kadi ya mu kamera. Ndimaganizabe za mayi wa mkwatibwi uja, kuti tikanamuuza chiyani. Ukwati sabwereza.

Chachiwiri ndi Wi-Fi. Netiweki ikaduka kwa kamphindi, kwa virtual disk zimafanana ndi kuzula fulashi ikulemba. Chingwe ndi chodalirika kuposa mphepo. Ngakhale pa chingwe, konzekerani kudikira: marauta ambiri otchipa ali ndi mabowo a ma megabit 100 pa sekondi, kumene ndi 12.5 MB pa sekondi zonse zikamayenda bwino, ndiye 20 GB imadya pafupifupi theka la ola, ndipo nthawi zambiri imaposa chifukwa karauta kenikeniko n'kofooka.

Chachitatu chinawakhumudwitsa alamu kwambiri. Virtual disk imatsegulidwa ndi kompyuta imodzi pa nthawi imodzi. Foda wamba ya pa netiweki anthu asanu atha kulembamo limodzi, chifukwa rauta kapena seva ndi imene imagwira kaundula ndipo imaika aliyense pamzere. Pa virtual disk, kaundula wam'kati amagwiridwa ndi kompyuta imene yatsegula. Makompyuta awiri akatsegula limodzi, aliyense amakhala ndi kope lakelake, onse amaona danga lomwelo ngati lopanda kanthu, ndipo amalemba modutsana mpaka zonse kusokonekera. Mapulogalamu amayesa kutseka chitseko kuti wachiwiri asalowe, koma pa zipangizo zotchipa loko ameneyo musamudalire. Kuwonjezera apo, laputopu ya Windows ija siidziwa sparse bundle, TV nayonso siimudziwa. Cholinga chosomeka disiki pa rauta chinali kugawana, koma mavidiyo aakulu anasanduka a MacBook yokha.

Palinso kachinthu kamene kamadabwitsa anthu: disiki yokula pang'onopang'ono nthawi zambiri siibwerera yokha m'mbuyo. Mukafufuta 50 GB m'kati, kunja danga limaonekabe lodzaza mpaka mutaipanikiza ndi lamulo lapadera, limene pa Mac ndi hdiutil compact.

Ndiye maganizo anga ndi otani? Virtual disk yogawika ndi chida chenicheni ndipo chimagwira ntchito, koma malo ake ndi pamene mulibe mphamvu pa chosungiracho: rauta yosamva china, malo a pa intaneti okhala ndi malire amene simungasinthe, disiki imene iyenera kukhalabe FAT32 chifukwa cha zipangizo zina. Ngati disikiyo ndi yanu ndipo mutha kuisintha, sinthani kaundula, nkhani ithere pomwepo. exFAT, imene Microsoft inatulutsa mu 2006, ilibe malire a 4 GB ndipo Windows ndi Mac onse amalembapo, n'chifukwa chake makadi a SDXC oposa 32 GB amabwera nayo. Marauta akale ambiri saidziwa, chifukwa inalowa mu Linux yeniyeni mu 2019, ndipo ilibe kabuku kaja koteteza magetsi akathima. NTFS ili nako, ndipo pa Windows lamulo lakuti convert E: /fs:ntfs, pamene E ndi chilembo cha disiki yanu, limasintha FAT32 kukhala NTFS osafufuta mafayilo, ngakhale munthu wanzeru amayamba wakopera kwina. Kubwerera ku FAT32 pambuyo pake kumafuna kufomata. Dziwaninso kuti Mac ikasomekedwa disiki ya NTFS mwachindunji imangowerenga, siilemba.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi kuchotsa ntchitoyi m'manja mwa rauta. Makina opangidwira kusunga zinthu pa netiweki, monga a Synology ndi QNAP, ndi okwera mtengo kwa ambiri a ife, koma laputopu yakale yosweka sikirini imachita zomwezo. Mumaikamo Linux ndi Samba, pulogalamu yaulere imene Andrew Tridgell wa ku Australia anaitulutsa koyamba mu 1992, imene imalola Windows ndi Mac kuona mafoda ake. Disiki mumaifomata ext4, imene imalandira fayilo imodzi mpaka 16 TB. Pa netiweki makompyuta enawo sasamala kuti pansi pali kaundula wanji, amangoona foda, ndipo onse atha kulembamo limodzi. Ngati batire la laputopuyo likadali ndi moyo ngakhale wa mphindi khumi, ndiye kuti mwapezeratu chotchinjiriza magetsi akathima, chifukwa disiki ya USB imadya kuchokera ku laputopu yomweyo.

Alamu sanafike pamenepo, akusonkhanitsa ndalama ya disiki yachiwiri yaikulu. Pakadali pano sparse bundle akumugwiritsabe ntchito, koma tinasintha zinthu zingapo. Rauta ndi disiki tinazichotsa pa soketi ya pakhoma, zikudya ku batire la sola kudzera pa inveta yaing'ono. MacBook imalumikizidwa ndi chingwe. Madzulo asanatseke shopu amayamba atulutsa virtual disk bwinobwino monga amachitira ndi fulashi, ndipo memori kadi safufuta mpaka eni ukwati atalandira vidiyo yawo m'manja. Disiki tinaikweza pashelefu yapamwamba, pamalo opita mphepo, kutali ndi malata otentha, komanso chifukwa tonse tinaona pamene madzi a Freddy anafika mu Malichi 2023. Kumapeto kwa mwezi uliwonse mnyamata uja amakopera mavidiyo omalizidwa pa kadisiki kena ka exFAT, monga mafayilo wamba osagawidwa, n'kukwera nako minibasi kudutsa pa Thabwa kukakasiya kwa mlongo wawo wa alamu ku Blantyre.